Kuzoloweretsa Ana Kulankhula Chingerezi pa Nkhani ya Chakudya

Mwa nkhani zonse zimene mphunzitsi angasankhe pozoloweretsa ana kulankhula Chingerezi, palibe ina imene imamasula lilime la mwana msanga ngati ya chakudya. Mwana wa Sitandade 3 amene sanakwerepo sitima ya pamtunda alibe chonena akafunsidwa za ulendo wa pa njanji, ndipo amangobwereza mawu a m'buku monga chinkhwe. Koma palibe mwana amene sadziwa ngati usipa umamukomera kapena ayi. Maganizo ali nawo kale, chimene chimamusowa ndi mawu okha. Harold Palmer, mphunzitsi wa ku England amene analemba buku lotchedwa The Oral Method of Teaching Languages mu 1921, analimbikitsa kuti chinenero chachilendo chiyambire m'khutu ndi pakamwa, ndipo cholembera chibwere pambuyo. Phunziro la chakudya ndi malo abwino oyeserapo njira imeneyi.

Tsono pamene lilime lamasuka, zolakwa nazonso zimatuluka, ndipo apa ndi pamene mphunzitsi watsopano amasowa pogwira. Wina amakonza mawu alionse mpaka ana atatseka pakamwa. Wina sakonza kanthu poopa kuwakhumudwitsa, ndipo cholakwacho chimamera mizu. Onse awiriwa angathandizidwe atazindikira kuti zolakwa zambiri za m'phunziroli sizichokera ku ulesi kapena kupusa, koma ku Chichewa chimene mwanayo amachidziwa bwino. Robert Lado, m'buku lake la Linguistics Across Cultures la 1957, anaphunzitsa kuti poyerekeza zinenero ziwiri munthu angathe kudziwiratu malo amene wophunzira adzapunthwe. Akatswiri a pambuyo pake anaona kuti si zolakwa zonse zimene zimabadwa motero, ndipo Pit Corder mu 1967 anaonjeza kuti cholakwa ndi umboni wosonyeza pamene wophunzira wafika. Komabe pa nkhani ya chakudya dzanja la Chichewa limaonekera poyera.

Mneni woyamba kuvuta ndi kukonda. M'Chichewa kachigawo ka -ku- kamalowa pa mneni aliyense: ndikufuna, ndikudziwa, ndikumva. Mwana amene watha chaka chathunthu akunena "I am standing" ndi "I am sitting" amaganiza kuti wapeza mnzake wa -ku- ameneyu, kotero amanena "I am liking nsima." Kumudzudzula sikuthandiza. Chomuthandiza ndi kumukumbutsa kuti ngakhale m'Chichewa munthu wofotokoza chizolowezi chake amati ndimakonda nsima, ndi kuti "I like" ndiye mnzake wa -ma-. Mawu akuti kwambiri ali ndi msampha wakenso. Ana amawamasulira kuti "too much", nanena "I like chambo too much", pamene kwa Mngerezi mawuwa amatanthauza kupitirira muyeso. Mphunzitsi asunge "too much" kufikira tsiku lokamba za ndiwo zimene zawawa mchere, ndipo pa kukonda aphunzitse "very much". Chimodzimodzinso kuposa amabala "I prefer rice than nsima". M'makalasi aang'ono n'kwanzeru kuyamba ndi "I like rice better than nsima", amene amayenda njira imodzi ndi Chichewa, ndi kusiya "prefer" ndi "to" wake mpaka ana atakhwima.

Mchewa amamwa phala, koma Mngerezi amadya. Mchewa amati madzi awa, mafuta awa, pakuti maina amenewa ali m'gulu la zochuluka, ndipo mwana akanena "the water are cold" wangotsata lamulo limene analiyamwira. Zoterezi zimatha msanga mphunzitsi akabwera ndi zinthu zenizeni m'kalasi, nalola ana awerenge nthochi ndi mazira, kenaka n'kuwapatsa mchere m'mbale kuti nawonso auwerenge.

Pali cholakwa china chimene chiyenera kugwiridwa ndi manja awiri. Mwana akafunsidwa chimene amayi ake amakonda, kawirikawiri amayankha kuti "My mother they like beans." M'buku la galamala ichi n'cholakwa, koma m'mudzi ndi ulemu, chifukwa mwana woleredwa bwino satchula kholo lake ngati munthu mmodzi. Kwa iye mawu akuti "she" amamveka ngati kunena kuti iyeyu, ndipo pakamwa pake pamalemera. Mphunzitsi amene angamuseke ndiye kuti waseka mwambo umene makolo anavutika nawo. Chofunika ndi kumuuza momveka, m'Chichewa ngati kuli kofunika, kuti Angerezi ulemu wao amauika m'mawu ena, ndi kuti "she" sachepetsa mayi. Pamenepo patsala ntchito yosiyanitsa "he" ndi "she", imene imatenga zaka, popeza iye wa Chichewa sasankha mwamuna kapena mkazi.

Funso lokana nalo limasokoneza. Wina akafunsa kuti, "Kodi sukonda nyemba?" Mchewa amayankha kuti, "Ee, sindikonda," kuvomereza mawu a wofunsayo. Mngerezi amayang'ana chinthu chenichenicho, nati "No, I don't." Mafunso otere asalowe m'makalasi oyamba.

Pa katchulidwe, vuto lodziwika ndi la l ndi r. M'Chichewa awiriwa ndi liwu limodzi, ndipo mwambo wa kalembedwe umangoika r pambuyo pa e ndi i, monga m'mawu akuti kulira ndi mchere. Palibe mawu awiri amene amasiyana tanthauzo chifukwa cha malembo amenewa okha, kotero khutu la mwana silinaphunzire kuwasiyanitsa. M'Chingerezi "rice" ndi mpunga pamene "lice" ndi nsabwe. Chitsanzo ichi n'chabwino chikachokera kwa mphunzitsi, ana onse n'kuseka pamodzi, koma chimapweteka chikatuluka m'kamwa mwa mwana mmodzi amene anzake adzamutcha wodya nsabwe mpaka kutsekera sukulu. Khutu liyambe, pakamwa patsatire: mphunzitsi atchule liwu limodzi, ana aloze chithunzi chake, ndipo asakakamizidwe kutchula chimene sanathe kuchimva. Chichewa chili ndi mavawelo 5 okha, pamene Chingerezi cha ku England chili nawo opitirira 10, ndiye chifukwa chake "eat" ndi "it", kapena "beans" ndi "bins", amamveka chimodzimodzi. Ndiponso mawu a Chichewa amathera pa vawelo. Buledi, supuni, foloko ndi kabichi ndi Chichewa chabwino chimene palibe ayenera kuchita nacho manyazi, koma chifukwa chakuti mawuwa amafanana ndi makolo ao a Chingerezi, amakoka lilime kuposa mawu achilendo enieni. Mwana amene amatchula bwino "pumpkin" angathe kulephera "bread".

Zakudya zina zilibe dzina m'Chingerezi, ndipo si udindo wa mphunzitsi kuzipekera. Nsima ikhale nsima, thobwa likhale thobwa, kondowole wa ku Nkhata Bay akhale kondowole, monga momwe Angerezi eni ake analandirira "spaghetti" kwa Ataliyana osamutembenuza. Kuitcha nsima "thick porridge" n'kothandiza pofotokozera mlendo, koma si dzina lake. Ndiwo zimatchedwa "relish" m'Chingerezi cha ku Malawi ndi ku Zambia, ngakhale kuti ku England mawuwa amanena tokometsera tochepa toika pambali pa mbale. Mphunzitsi adziwe kusiyanaku, koma asaletse mawu amene dziko lonse limamvana nawo. Achenjere ndi mbatata: dzina lake ndi "sweet potato", pakuti "potato" payekha ndi mbatata ya kachewere.

Kudziwa gwero la cholakwa ndi theka la ntchito. Theka lina ndi kakonzedwe. Mu 1997 Roy Lyster ndi Leila Ranta anafalitsa zimene anapeza m'makalasi a ku Canada a ana ophunzira m'Chifalansa. Anaona kuti njira imene aphunzitsi ankaikonda, kuposa theka la nthawi zonse zimene anakonza cholakwa, inali yongobwereza mawu a mwana mowongola. Anaonanso kuti njira imeneyi ndi imene inkachititsa ana ochepa kwambiri kudzikonza okha. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Mwana akati "I drink porridge", mphunzitsi n'kuyankha kuti "Oh, you eat porridge", mwanayo amamva ngati avomerezedwa, nakhala pansi wokondwa. Ngati zinali choncho m'makalasi aang'ono a ku Canada, nanga m'kalasi la ana 80 kapena 100, monga ambiri anakhalira sukulu za pulayimale za ku Malawi zitakhala zaulere mu 1994? Kumeneko mawu owongoledwa amangomira m'phokoso.

Njira yopindulitsa ndi imene imabweza ntchito kwa mwana. Mphunzitsi angabwereze mawu olakwikawo ndi liwu lofunsa, "Drink?", nadikira. Angayambe chiganizo n'kuima pamalo pa cholakwa. Angagwirizane ndi ana za chizindikiro cha dzanja, monga kukoka chala m'mwamba pokumbutsa s wa "she likes". Chovuta pa zonsezi ndi kudikira. Mphunzitsi watsopano amaopa bata, ndipo amadzaza yekha mpata umene mwana akadaganiziramo. Kuwerenga chamumtima kufikira 5 n'kokwanira, ndipo mwana akalephera, mnzake amuthandize, kenaka iye mwini anene chiganizo chonse bwino asanakhale pansi.

Nthawi nayo iyenera kusankhidwa. Pamene ana akuyeseza chiganizo chatsopano, cholakwa chikonzedwe pomwepo, chifukwa kuyeseza cholakwa ndiko kuchikhomera. Koma pamene akucheza awiriawiri, wina kufunsa mnzake chimene amakonda, mphunzitsi aziyenda pakati pao ndi kapepala, kumva ndi kulemba osadula mawu a munthu. Pomaliza alembe pa bolodi ziganizo ziwiri kapena zitatu popanda dzina la mwini, kalasi lonse lizikonze. Mnyamata akati, "My mother they like pumpkin leaves too much and she drink porridge," walakwa malo anayi, komanso wachita chinthu chachikulu, pakuti wanena zoona za kwao m'chinenero cha eni. Mphunzitsi ayambe wayankha nkhaniyo, afunse ngati nkhwaniwo ndi wotendera, kenaka akonze chimodzi chokha chimene chili phunziro la tsikulo. Zitatu zinazo zili ndi masiku ao.

Chatsala chinthu chimene mabuku a kaphunzitsidwe sachitchula kawirikawiri. Chakudya si nkhani yopepuka kwa mwana aliyense. Funso lakuti "What did you eat this morning?" limaoneka losalakwa, koma m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka ndipo chimanga cha m'munda chisanakhwime, ana ambiri amafika kusukulu m'mimba mulibe kanthu. Mwana wotere akaimitsidwa pamaso pa anzake ayenera kusankha pakati pa bodza ndi manyazi, ndipo ambiri amasankha bodza: "I ate bread and tea with milk." Mphunzitsi amayamikira chiganizo chabwino, osadziwa kuti waphunzitsa mwana kuti Chingerezi ndi chinenero chonamiziramo. Funso lakuti "What do you like?" lilibe minga imeneyi, chifukwa wosauka naye ali ndi chimene amakonda.

Ngakhale pamenepo ana amayamba ayang'ana nkhope ya mphunzitsi. Ambiri amaganiza kuti yankho la Chingerezi liyenera kukhala chakudya cha m'sitolo, ndipo amabisa therere, bonongwe, ngumbi ndi mbewa. Mphunzitsi akayamba yekha kunena mosanyinyirika kuti "I like okra very much", manja amakwera kumbuyo kwa kalasi kumene sanakwereko. Aphunzitsenso kusiyana kwa "I don't like" ndi "I don't eat". Mwana wa Chisilamu wa ku Mangochi kapena wa mpingo wa Seventh-day Adventist sadya nkhumba chifukwa cha chipembedzo, osati chifukwa cha kakomedwe, ndipo ayenera kupatsidwa mawu onenera zimenezi popanda kufunsidwa zifukwa.

M'makalasi apamwamba ana amakumana ndi "Would you like some tea?" amene amafanana ndi "Do you like tea?" pakumveka, koma woyambayo ndi wopatsa, wachiwiriyo ndi wofuna kudziwa chabe. Apa pali miyambo iwiri yosiyana. M'mudzi mlendo safunsidwa ngati adya. Amangoona madzi osamba m'manja afika, ndipo kumufunsa kumaoneka ngati kumana. Kwa Angerezi kufunsako ndiwo ulemu. Mawu akuti zikomo amagwira ntchito polandira ndi pokana pomwe, malinga ndi liwu ndi manja a wonenayo, koma "Thank you" payekha Mngerezi amamumva ngati kuvomera. Wokana ayenera kunena kuti "No, thank you." Izi zimaphunzirika bwino mwa sewero: ana awiri, tebulo, kapu ndi ketulo yopanda kanthu, wina mwini nyumba, wina mlendo, ndipo mlendoyo auzidwe monong'ona ngati alandire kapena akane, kuti kalasi liweruze kuchokera pa mawu ake ngati tiyi athiridwe.