Chaka cha 2016 Chinawatembenuza Alamu

Alamu anga amagwira ntchito ku Siena, pakati penipeni pa minda ya mphesa ya ku Tuscany, koma vinyo wofiira ankadana naye koopsa. Chifukwa chinalipo. Botolo loyamba limene anagula linali la Chianti wotchipa wa 2014, chaka chimene mvula inavuta kwambiri ku Italy, dzuwa n'kusowa, mphesa zina n'kuwolera m'munda, zina n'kuthyoledwa zisanapse bwino. Atangomeza kamodzi, anakwinya nkhope ngati aluma nthochi yosapsa.

"Ndalama zanga zalowa m'madzi," anatero. Kuyambira pamenepo, anzawo akamakweza matambula, iwo ankakweza Fanta, n'kumalalikira kuti vinyo wabwino ndi wa anthu olemera basi.

Chakumapeto kwa 2018, titalowa mu enoteca ina, sitolo ya vinyo kumene amalola kulawa usanagule, mwini wake anathira pang'ono Rosso di Montalcino wa 2016.

"Alamu, talawani," ndinawanyengerera.

"Ayi, alamu, ine ndinasiya kalekale zodzizunza."

Koma fungo linawapeza. Ananunkhiza, anapsontha, anakhala duu. Kenaka maso aja anangoti tong'o! Vinyo anali wofiira mowala, wonunkhira zipatso zakupsa, wowawasa pang'ono pokha moti malovu ankachita kudzadza m'kamwa. Anapempha kagawo ka salami, n'kupsonthanso.

"Kodi ameneyu ndi wa ndalama zingati?"

Atamva mtengo, anaseka mpaka kugwira m'mimba.

Mwini sitolo anawaululira chinsinsi. Mu 2016 nyengo inayenda bwino: masana kunkatentha mosapyola muyeso, usiku kunkazizira, ndipo mphesa za Sangiovese zinapsa pang'onopang'ono mpaka kumapeto kwa Seputembala ndi mu Okutobala. Dzuwa silisankha munda wa vinyo wodula. Brunello di Montalcino wotchuka uja ndi Rosso ameneyu amachokera ku mtundu umodzi wa mphesa, m'mapiri omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti Brunello saloledwa pa msika mpaka chaka chachisanu chitakwana chithyolereni mphesa, pamene Rosso amatuluka patangotha chaka, mtengo wake uli pansi kwambiri. Chaka chikakoma, ndiye kuti mng'ono nayenso wakoma.

Tsiku lomwelo alamu analawa Chianti Classico wa tambala wakuda pa botolo, kenaka Langhe Nebbiolo wa ku Piedmont, mng'ono wake wa Barolo amene sadikira miyezi 38 ngati mkulu wakeyo. Pomaliza anali Barbera d'Asti, amene anati apite naye kunyumba kuti akaone ngati angagwirizane ndi nyama ya nkhumba yootcha. Anagwirizanadi.

Lero mukawapeza m'sitolo simungawadziwe. Magalasi ali pamphuno, botolo akulitembenuza uku ndi uku, akufunafuna chaka. Akaona 2016 kapena 2019, limalowa m'basiketi. Pa tebulo amazunguza tambula, kununkhiza, n'kuyamba kuphunzitsa ngakhale eni dziko za usiku wozizira wa mu Seputembala.

Achemwali anga okha ndiwo akudandaula, chifukwa kabati yawo ya mapoto yadzaza mabotolo.

"Achimwene, amuna anga munawalodza ndinu," amandiuza pa foni. Ndipo chapatali ndimamva mawu a alamu akufuula: "Auzeni kuti akabwera tidzatsegule wa 2021!"