Galimoto yachete ikayamba kulira

Kuno ku Kasiya galimoto zoyendera magetsi okhaokha n'zosowa, koma Toyota Aqua, yoyendera petulo ndi batire, ndimaikwera ndithu. Injini yake ikazima, kaphokoso kalikonse kamamveka, ndiye ine ndimatchera khutu.

Kulira kwa "wuuu" kokula ndi liwiro, kosintha mukamakhota, kawirikawiri ndi beringi ya gudumu. Sinthitsani msanga. Kugogoda pamabampu, onetsani mashoko ndi mabushi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi fani yoziziritsa batire, pansi pa mpando wakumbuyo. Ikamalira mokweza osapumira, fumbi la m'misewu yathu latseka polowera mpweya ndipo batire ikutentha. Pukutani pamenepo, musatsekeponso ndi katundu.

Koma mawaya a mtundu wa olenji musawakhudze, abale anga. Batireyo ndi ya mavolti 144. Amenewo asiyireni makaniko wodziwa za magetsi.