Chaka Chatha, Mwana Waphunzirira Pakhomo: Tidzamuyesa Bwanji?

Disembala akafika, ana a sukulu amabwerera kunyumba atanyamula lipoti, ndipo kholo limaona pomwepo ngati mwana wakhoza kapena walephera. Koma m'Makandanyama, monganso m'makomboni ena a mumzinda wa Kabwe, muli ana amene chaka chimawathera ali pakhomo chifukwa cha matenda kapena kulumala, ndipo mphunzitsi wawo ndi mayi, agogo kapena mkulu wawo. Nanga amenewa lipoti adzalitenga kuti?

Funsoli si lachilendo kwa ife. Pa 20 Malichi 2020 boma linatseka sukulu zonse m'Zambia chifukwa cha mliri wa Covid-19. Ana a Giredi 7, 9 ndi 12 anabwerera m'kalasi pa 1 Juni, koma otsalawo anakhala pakhomo kufikira pa 21 Seputembala. Mu 2024 matenda a kolera anachedwetsanso kutsegulira sukulu mpaka pa 12 Febuluwale. M'masiku amenewo makolo ambiri anasanduka aphunzitsi, nazindikira kuti kuphunzitsa mwana n'kopepuka kusiyana ndi kudziwa ngati zophunzitsidwazo zamulowa m'mutu.

Poyambira pabwino ndi kabuku kamene mwanayo ankalembamo mu Januwale. Katsegulidwe pambali pa ka mwezi uno, ndipo kholo lione ngati zilembo zawongoka ndi ziganizo zatalika. Muyeso woona ndi umenewu, osati mwana wa mnansi amene anakhala woyamba m'kalasi.

Pa kuwerenga m'pamene ambiri timanyengeka. Mwana wochenjera amaloweza buku limene walimva kambirimbiri, n'kumalilakatula chala chikuyenda pansi pa mawu, ife n'kumaomba m'manja. Tsono mumpatse tsamba limene sanalionepo, ngakhale chidutswa cha nyuzipepala chokulungira tomato. Akatha, chotsani tsambalo, ndipo akufotokozereni m'mawu akeake zimene wawerenga. Masamu nawonso ayesedwe pamsika: mumtume ndi K20, ndipo asananyamuke anene yekha chenji imene adzabweze.

Komabe diso la kholo lili ndi chifundo chochuluka, mwinanso ukali wochuluka. N'kwanzeru kupempha munthu wina, monga mphunzitsi wopuma ntchito wa mumphakati mwanu, kuti akhale ndi mwanayo ola limodzi. Iye adziwa zimene giredi iliyonse imafuna, ndipo kwa ana okulirapo angathe kugwiritsa ntchito mapepala akale a mayeso a bungwe la Examinations Council of Zambia. Amuyesenso Chibemba, pakuti ndicho chinenero cha kuno chimene sukulu za m'Kabwe zimaphunzitsa, ngakhale pakhomo mukulankhula Chinyanja.

Bwanji ngati mwayesa zonsezi, n'kupeza kuti mwana akadali pamene anali mu Januwale? Apa kholo la ku Makandanyama lisathamangire kukwapula. Mgodi wa mtovu umene unkapatsa mzindawu dzina lakale la Broken Hill unatsekedwa mu 1994, patatha zaka pafupifupi 90 ukugwira ntchito, koma unasiya poizoni wake m'nthaka. Makandanyama, pamodzi ndi Kasanda, Chowa, Makululu ndi Mutwe Wansofu, ali m'gulu la malo okhudzidwa kwambiri. Mwana amameza mtovu posewera m'dothi ndi popuma fumbi la m'chilimwe, ndipo ukalowa m'magazi umawononga ubongo umene ukukula. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu, ngakhale wochepetsetsa, umene umadziwika kuti ngosavulaza. Mwana woteroyo amaiwala msanga, sakhazikika, amapsa mtima, ndipo kwa munthu wosadziwa amangooneka waulesi. N'zomvetsa chisoni kuti mwana wophunzirira pakhomo angakhale pabwalo lafumbilo tsiku lonse.

Chotero mayeso a kumapeto kwa chaka asathere pa pensulo. Kholo lipite ndi mwanayo ku kiliniki, lifotokoze zimene laona, ndi kufunsa za kuyezetsa magazi. Pakhomo mphasa yophunzirirapo iyalidwe pamalo othiridwa madzi, manja asambidwe asanagwire chakudya, ndipo m'mbale musasowe kapenta, nyemba ndi ndiwo zamasamba, chifukwa thupi lodya bwino silitenga mtovu wambiri. Zotsatira za magazi zisungidwe pamodzi ndi timabuku tija, kuti mphunzitsi amene adzalandire mwanayo mu Januwale adzaone zonse ziwiri.