Zilombo Zimene Bwana wa ku BBC Anazikana

Loweruka madzulo pa 21 Disembala 1963, gawo la sewero la Doctor Who linatha moti ana ambiri ku Britain anagona movutikira. Mphunzitsi wina m'seweromo, Barbara, anali atasochera mumzinda wachitsulo pa dziko lachilendo. Anatsamira khoma, chinthu china chikumuyandikira. Owonera sanachione chinthucho. Anangoona mkono umodzi wokhala ndi labala yobulungira kunsonga, mayiyo n'kukuwa, gawo n'kutha. Labalayo inali ija yopopera sinki ikatsekeka. Umo ndi mmene ma Dalek analowera m'nyumba za anthu.

Chonsecho mkulu woyang'anira masewero ku BBC, Sydney Newman wa ku Canada, anali atakaniratu zilombo. Iye ankafuna pulogalamu yophunzitsa ana mbiri yakale ndi sayansi, n'chifukwa chake mwa anthu oyenda ndi Doctor, mwini nkhani wa seweroli, munali aphunzitsi awiri a maphunziro amenewa. Zinyama zotong'ola maso za m'mafilimu otchipa, anati ayi. Koma Verity Lambert, mayi wachitsikana amene anapatsidwa udindo wotsogolera seweroli ali ndi zaka 27, analibe nkhani ina yokonzeka kujambulidwa kupatula imene analemba Terry Nation. Anakakamira. Nkhaniyo, ya magawo 7, inayamba ndi owonera pafupifupi 7 miliyoni n'kutha ndi oposa 10 miliyoni, ndipo Newman anavomera kuti mayiyo ndiye anali ndi diso.

Mbali yaikulu ya ulemu umenewu iyenera kupita kwa Raymond Cusick, amene anajambula maonekedwe a Dalek. Vuto la zilombo za nthawi imeneyo linali lodziwika: mwana aliyense ankatha kuona kuti ndi munthu wavala chovala cha labala, chifukwa miyendo inkamuulula. Cusick anabisa miyendo. Chimene chinatuluka chinali ngati kabotolo kothirira mchere patebulo, koma kotalika kufika m'phewa mwa munthu, kokhala ndi diso limodzi pa ndodo, mfuti mbali imodzi ndi labala ija mbali inayo. Mkati munkakhala munthu pa kampando, akudzikankha ndi mapazi pa timatayala, manja ali kalikiliki kutembenuza mutu, kugwedeza mfuti ndi kuthwanimitsa nyali ziwiri za pamwamba. Mawu ankachokera kwa wina amene anali pambali pa makamera, Peter Hawkins kapena David Graham, ndipo ankadutsa m'makina owasasitsa kuti amveke achitsulo. Wamkati uja ankayenera kuloweza mawu onse kuti nyali zithwanime pa nthawi yake. Ma Dalek oyamba anapangidwa anayi okha. Pofuna kuonetsa gulu lalikulu, ankaimika zithunzi zawo kumbuyo.

Komabe labala ndi matabwa pazokha sizikanagwira mitima ya anthu kwa zaka zoposa 60. Terry Nation anabadwa mu 1930 ku Cardiff, ndipo anakula ndege za Germany zikuponya mabomba mumzindawo. Ma Dalek ake ndi a Nazi ovala chitsulo: amakhulupirira kuti mtundu wawo wokha ndiwo uyenera kukhala ndi moyo, sakambirana ndi wina aliyense, amangolamula mokuwa. Komanso si maloboti ayi. Mkati mwa chigobacho muli kanyama kopunduka, kotsala pa nkhondo ya nyukiliya imene inapsereza dziko lawo la Skaro. Anthu amene ankaonera zimenezi mu 1963 anali atangopulumuka chaka chapitacho pa mkangano wa America ndi Soviet Union wokhudza mizinga ya ku Cuba. Mu 1964 ma Dalek anaonetsedwa akuyenda pa mlatho wa Westminster ku London, mzinda umene Hitler analephera kuulanda. Pofika 1975, m'nkhani ya Genesis of the Daleks, opanga seweroli anasiya kubisa: asilikali a mtundu umene unabala ma Dalek anavala yunifolomu zakuda, ndipo wasayansi wawo Davros ankachotsa dala chifundo m'zolengedwa zake.

Anthu sanaleke kuwaseka ma Dalek kuti adani oopsa chonchi angagonjetsedwe ndi masitepe. Yankho linabwera mochedwa, mu 1988, pamene Dalek anaoneka akuyandama kukwera masitepe kuthamangitsa Doctor.

Ma Cybermen a mu 1966 anabwera ndi mantha a mtundu wina. Anawaganiza ndi Kit Pedler, dokotala wofufuza za maso, mothandizana ndi Gerry Davis. Pedler ankada nkhawa ndi kumene zachipatala zinkalowera: munthu akamasinthidwa chiwalo chimodzichimodzi ndi chopanga, adzaleka liti kukhala munthu? Ma Cybermen oyambawo anali ndi nkhope zokutidwa ndi nsalu, koma manja awo anali a munthu weniweni, osavala kanthu. Amene anabwera pambuyo pake anali onyezimira komanso opangidwa mwaluso, koma oyamba aja ndiwo amanyansa kwambiri, chifukwa munthu amene anatayikayo akuonekabe. Chaka chotsatira, mu Disembala 1967, Christiaan Barnard anaika mtima wa munthu wina mwa wodwala pa chipatala cha Groote Schuur ku Cape Town.

Kenaka olemba anazindikira kuti chilombo chimaopsa kwambiri chikasiya mayiko akutali n'kubwera pakhomo. Mu 1968 ma Yeti aubweya anadzaza njanji za pansi pa nthaka za London. Mu 1970, chaka chimene seweroli linayamba kuonetsedwa la mitundu, zidole zoonetsera zovala m'mawindo a masitolo zinatsitsimuka n'kuyamba kuwombera anthu odikira basi. Chaka chotsatira mpando wa pulasitiki unameza munthu, ndipo apolisi ena atavulidwa nkhope anapezeka kuti ndi zidole zomwezo. Madandaulo anafika ku BBC kuti ana ayamba kuopa apolisi ndi zidole zawo zomwe. Mu 1973 kunabwera mphutsi zikuluzikulu zotuluka mu mgodi wa malasha ku Wales, zitakula ndi zinyalala za fakitale ya mankhwala.

Ku America, sewero la Star Trek linayesa njira ina. M'gawo la The Devil in the Dark la mu 1967, chilombo chotchedwa Horta chikupha anthu ogwira ntchito mu mgodi, kenaka zikudziwika kuti ndi mayi woteteza mazira ake, amene anthuwo ankawaphwanya powayesa miyala. Ma Dalek a nthawi imeneyo sanalembedwe kuti wina awamvere chisoni chotero.

Zambiri mwa zilombo zoyambirirazi zikanaiwalika, chifukwa BBC inkafufuta matepi akale kuti ijambulirepo zina. Chimene chinapulumutsa magawo ena ndi mafilimu amene ankagulitsidwa ku mawailesi a kanema a kunja, kuphatikizapo a ku Nigeria ndi Zambia. Mu 2013 kunalengezedwa kuti Philip Morris, wofufuza mafilimu otayika, wapeza magawo 9 amene ankasowa pa siteshoni ina ku Jos, ku Nigeria. Anayi mwa iwo anali a The Web of Fear, nkhani ya ma Yeti aja. Gawo lachitatu la nkhaniyi silinabwerere ku BBC, moti mu 2021 analijambulanso ngati katuni pogwiritsa ntchito mawu ake oyambirira, amene anasungika chifukwa owonera ena ankawajambula pa tepi kunyumba.