Chikomekome cha Mkuyu: Ufulu wa Wogula pa Intaneti ku Kazuni

Kazuni ali kumadzulo kwa boma la Rumphi, pa chipata cha nkhalango ya nyama ya Vwaza Marsh. Masitolo akuluakulu ali kutali, ku Mzuzu. Chifukwa cha ichi, mphunzitsi kapena mnyamata amene wangotsiriza sukulu akafuna foni, nsapato kapena sola, kaŵirikaŵiri amasankha pa zithunzi za pa Facebook ndi WhatsApp. Chiyambire Airtel Money mu 2012 ndi TNM Mpamba mu 2013, kulipira sikuvutanso. Ndalama zimapita m'kuphethira kwa diso, koma katundu amayenda pa basi mpaka ku Rumphi, nafika ku Kazuni pa matola.

Tsono vuto limabuka pomasula katoni. Tiyerekeze kuti wogulitsa analemba kuti sola ndi ya mawati 100, koma yafika ya mawati 50. Kapena anati foni ndi yatsopano, koma yafika yogwiritsidwapo kale ntchito. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ambiri amangodandaula chamumtima, poganiza kuti mtunda watalika ndipo ndalama zapita. Komatu malamulo a dziko lino samuthaŵa wogula wotere.

Lamulo lakale la malonda, la Sale of Goods Act, limanena kuti katundu wogulitsidwa mwa kufotokoza ayenera kufanana ndi mafotokozedwewo. Akasiyana, wogula ali ndi ufulu womukana ndi kuitanitsa ndalama zake. Munthu amene sanamuone katunduyo kale sayesedwa kuti wamuvomera kufikira atapeza mpata wokwanira womuyang'anitsitsa. Chinanso chimene ambiri sachidziŵa n'chakuti, ngati panalibe pangano lina, wokana katundu mwachilungamo sakakamizidwa kumutumiza yekha kwa mwini wake. Kumuuza kuti wamukana n'kokwanira. Kwa munthu wa ku Kazuni, amene mtengo wa ulendo ungapose mtengo wa nsapatozo, mfundo imeneyi ndi yaikulu.

Koma lamulo lomweli lili ndi msampha. Wogula akasunga katundu nthaŵi yaitali osanena kanthu, kapena akayamba kumugwiritsa ntchito ngati wake, amayesedwa kuti wamuvomera. Amene wayika sola padenga, napita miyezi iŵiri asanadandaule, wadzifooketsera yekha mlandu.

Nanga wogula achite chiyani? Choyamba, asanalipire, afunse dzina lenileni la wogulitsa ndi malo amene sitolo yake ili, pakuti munthu wosadziŵika sangaimbidwe mlandu. Chachiŵiri, asunge chithunzi cha malondawo, mauthenga onse, ndi uthenga wotsimikiza kuti ndalama zapita. Lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la mu 2016 limalola kuti mauthenga otere akhale umboni m'khoti. Chachitatu, amasule katoni pamaso pa mboni, najambule zimene wapeza. Chachinayi, amulembere wogulitsa tsiku lomwelo mwaulemu koma mosapita m'mbali, kuti katundu wasiyana ndi amene analonjezedwa, choncho wamukana.

Wogulitsa akayankha kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, wogula asaope. Mawu ameneŵa sangafafanize ufulu umene lamulo la Consumer Protection Act la mu 2003 limapereka. Dandaulo lingathe kupita ku bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, limene lamulo latsopano la mu 2024, loloŵa m'malo mwa la mu 1998, linalipatsa mphamvu yolipiritsa chindapusa ndi kulamula kuti ndalama zibwezedwe. Palinso bungwe loimira ogula la Consumers Association of Malawi, ndi khoti la majisitireti ku Rumphi. Ngati wogulitsa walandira ndalama nazimitsa foni, umenewo ndi mlandu wakuba mwachinyengo, ndipo malo ake ndi kupolisi.

Aphunzitsi, amene anthu a m'midzi amaŵadalira pa zolembalemba, angathandize kwambiri pofotokozera ophunzira ndi makolo zinthu zimenezi. Wogulitsa wosakhulupirika amadalira zinthu ziŵiri: kutalika kwa msewu ndi kukhala chete kwa wogula. Msewu sungafupikitsidwe lero, koma kukhala chete kungathe kutha.