Kusaka Chinthu Chosaoneka Chimene Chimanga Milalang'amba

Usiku wopanda mwezi pa Chembe, Mlalang'amba umaoneka ngati mseu woyera kumwamba. Koma akatswiri a zakuthambo akutiuza kuti zowala zonsezo ndi gawo laling'ono chabe la chilengedwe. Fritz Zwicky mu 1933, ndiponso Vera Rubin m'zaka za m'ma 1970, anaona kuti milalang'amba ndi nyenyezi zake zikuyenda mothamanga kotero kuti zikadamwazika pakadapanda chinthu china cholemera chozikoka. Chinthucho anachitcha dark matter, pakuti sichiwala ndipo sichitchinga kuwala. Kulemera kwake kuposa kasanu kulemera kwa zinthu zonse zimene tizidziwa.

Nanga chosaonekacho tingachigwire bwanji? Mu mpweya umene tipuma muli mipweya ina yosalumikizana ndi zinthu zinzake, monga xenon ndi argon. Xenon ikazizira kupitirira madigiri 100 kunsi kwa ziro imasanduka madzi, ndipo amaithira m'thanki yokhala ndi maso agalasi ozindikira kuwala. Kachidutswa ka dark matter katagunda phata la atomu ya xenon, pangang'anime kuwala kochepa, ndipo maelekitironi angamasuke. Mphamvu ya magetsi imawakokera pamwamba pa madziwo, kumene amang'animanso kachiwiri. Nthawi ya pakati pa kung'anima kuwiriko imasonyeza kuzama kumene kugundako kwachitikira, ndipo kukula kwake kumasiyanitsa mlendo woyembekezedwayo ndi tizidutswa wamba.

Popeza tizidutswa tochokera kuthambo timagwa padziko kosalekeza, mathanki ameneŵa amawabisa pansi pa thanthwe. Chipangizo cha LUX-ZEPLIN, chokhala ndi matani 10 a xenon, chili mu mgodi wakale wa golide wa Homestake ku South Dakota, mamita pafupifupi 1,500 pansi pa nthaka, kawiri kuzama kwa nyanja yathu pamalo ake ozama koposa. XENONnT ili pansi pa phiri la Gran Sasso ku Italy, ndipo PandaX ili ku Jinping ku China.

Kufikira lero dark matter sanaigwire. Komabe mu 2024 XENONnT ndi PandaX zinaona zizindikiro za tizidutswa ta neutrino tochokera ku dzuwa, umboni wakuti msamphawo ndi wakuthwa. Ndipo kusapeza konseko kumaphunzitsa, pakuti kumachepetsa malo amene chinthucho chingabisalemo.

Tsono ife ophunzitsa anthu tichenjere ndi mawu akuti "chosaoneka". Dark matter si mzimu ayi. Ndi cholengedwa chokhala ndi kulemera, monga mwala kapena madzi, ndipo funso lake lidzayankhidwa ndi muyeso.