Nsapato za matayala: mawondo apumula, ngozi ili pamkono

Munthu akamathamanga, phazi limamenya pansi mwamphamvu ndipo mawondo ndi amene amamva ululu wake. Wovala nsapato za matayala samenya pansi. Amakankhira mwendo chammbali, n'kutsetsereka, kenako n'kukankhanso ndi winawo. Mtima umagunda mofulumira, thukuta limatuluka, minofu ya m'ntchafu ndi m'matako imalimba, koma mfundo za m'miyendo sizigwedezeka kwambiri. Kwa munthu wojintcha, kapena amene mawondo amamuwawa akathamanga, iyi ndi njira yabwino yokwanitsira mphindi 150 pa sabata zochita masewera olimbitsa thupi, zomwe bungwe la WHO limalimbikitsa akuluakulu.

Chomwe chakhala chikuvuta kuyambira kale ndi kuima. M'zaka za m'ma 1700, John Joseph Merlin analowa m'phwando ku London atavala nsapato zake za matayala uku akuimba vayolini. Zinalibe mabuleki, ndipo anakawomba galasi lalikulu n'kuvulala. Zinthu zinasintha mu 1863 pamene James Plimpton wa ku New York anapanga za matayala anayi, awiri kutsogolo awiri kumbuyo, zotha kukhota munthu akangopendekera mbali imodzi.

Tisaone ngati ndi zachibwana kapena zakutali. Anzathu a ku Mozambique amasewera hoke atavala nsapato zotere, ndipo mu 2011 anathera pa nambala 4 pampikisano wa dziko lonse ku Argentina. Angola inachititsa mpikisanowu mu 2013.

Koma kugwa kulipo, ndipo apa m'pomwe ndimadera nkhawa ana. Munthu akamagwa amatsogoza manja asanaganize n'komwe. Thupi lonse limafikira pamfundo yolumikiza dzanja ndi mkono, paja timavala wotchi, ndipo fupa limathyokera pomwepo. Kafukufuku wa ku America wofalitsidwa mu 1996 anapeza kuti malo amenewa ndi amene amavulala kwambiri, ndiponso kuti zotchingira zovala pamfundoyi zimachepetsa kwambiri ngoziyo. Kholo logula nsapato popanda zotchingira manja, zigongono, mawondo ndi helimeti silinamalize kugula.

Woyamba kumene aphunzire pabwalo lasimenti losalala, lopanda mchenga, kutali ndi magalimoto. Apinde mawondo, aweramire kutsogolo pang'ono, ndipo akaona kuti akugwa afikire pa zotchingira mawondo, osati chagada. Kutsetsereka pamtunda kudikire mpaka atadziwa kugwira buleki.